Nkhuku ikayasama kukamwa mu Okutobala: zoyenera kuchita dzuwa lisanaiphe

Chaka china mu Okutobala, tikukhala ku Liwonde, ndinafika pakhomo cha m'ma 2 koloko masana n'kupeza thadzi langa lakuda, la mtundu wa Mikolongwe, litagona kuseri kwa khitchini. Mapiko linali litatambasula, kukamwa kuli yasa, pakhosi pakugunda mofulumira ngati pa chule. Mayi oyandikana nawo nyumba atasuzumira pampanda anati, "Achimwene, chitopa chimenecho. Zingani msanga ndiwo zisanawonongeke." Ndinatsala pang'ono kukatenga mpeni. Chinandiimitsa ndi chigubu chodula chimene ndinkaikamo madzi. Nditapisamo chala, madziwo anali ofunda ngati osambitsa mwana, ndipo anali odzaza mmene ndinawasiyira m'mawa. Nkhuku zanga zinali zitatandala ndi ludzu madzi ali pomwepo. Thadzilo linadzuka madzulo omwewo n'kuyamba kutola. Linzake, limene linali pachisa pansi pa lata likufungatira mazira, ndinalipeza litauma kale.

Kuyambira chaka chimenecho, nkhuku ikayasama ndimayamba ndayang'ana dzuwa ndi madzi ndisanaganize za matenda.

Chimene chikuchitika nkhuku ikamapuma wefuwefu

Nkhuku situluka thukuta. Ife tikatenthedwa thupi limanyowa, mphepo n'kuliumitsa, ndiye timamva kuzizira. Khungu la nkhuku lilibe timabowo totulutsa thukuta, komanso ili ndi nthenga thupi lonse. Pamwamba pa izo, thupi lake ndi lotentha kale: la munthu limakhala pa madigiri 37, la nkhuku pakati pa 41 ndi 42. Likangokwera ndi madigiri anayi kapena asanu, nkhukuyo yapita. Kunja kukakhala pakati pa madigiri 18 ndi 24 imamasuka bwino, imadya, imaikira. Tsono taganizani za ku Nsanje, ku Ngabu kapena ku Nchalo kumene masana a mu Okutobala ndi Novembala amapitirira madigiri 40, kapena ku Mangochi, ku Salima, ku Karonga, m'chigwa cha Luangwa ndi ku Tete. Ngakhale ku Lilongwe ndi ku Blantyre kumene kuli kokwera, m'khola la malata mumatentha kuposa panja.

Mukaipenyetsetsa, nkhuku siyamba ndi kuyasama. Imayamba yasiya kusaka chakudya n'kukabisala pansi pa nkhokwe kapena pamthunzi wa mango. Kenako imapalasa dothi la pamwamba mpaka ipeze lozizira, n'kugonapo ndi chidale. Imatukula mapiko kuti mphepo ifike m'khwapa, mmene nthenga zili zochepa. Magazi amathamangira ku miyendo, ku lipombo lofiira la pamutu lija, ndi ku tinyama tolendewera pansi pa mlomo, chifukwa malo amenewa alibe nthenga ndipo kutentha kumatulukira pomwepo. Imamwa kwambiri, n'chifukwa chake zitosi zimakhala zamadzimadzi m'chilimwe ngakhale isakudwala.

Zonsezi zikalephera, nthawi zambiri kunja kukamafika cha m'ma madigiri 29 kapena 30, ndi pamene imatsegula kukamwa. Mpweya umadutsa mothamanga m'kamwa, pakhosi ndi m'mapapo, monse mmene muli monyowa, ndipo chinyezi chikamauma chimanyamula kutentha n'kutuluka nako. Nkhuku yomasuka imapuma ka 20 kapena ka 30 pa mphindi imodzi. Yotenthedwa imatha kupitirira ka 200.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa malangizo onse otsatirawa achokera pamenepa. Kupuma wefuwefu si matenda, koma si chinthu chongoonerera ayi. Ndi chida chomaliza chimene nkhuku yatsala nacho, ndipo chimaidyera zambiri. Choyamba, chimamaliza madzi m'thupi. Chachiwiri, minofu imene ikugwira ntchito yopuma mothamangayo nayo ikutulutsa kutentha. Chachitatu ndi chobisika: popuma mofulumira chonchi, nkhuku imataya mpweya wa carbon dioxide, uja timatulutsa popuma, wochuluka kuposa muyezo, ndipo magazi ake amasokonekera. Chigoba cha dzira chimapangidwa ndi kashiamu, chija chimalimbitsa mafupa, pamodzi ndi zochokera ku mpweya womwewo. Ndiye mukaona kuti mu Okutobala mazira akuchepa, ali ang'onoang'ono, zigoba zili zopyapyala zosweka m'manja, ena ofewa ngati chikopa, musafulumire kunena kuti chakudya ndi chabodza. Thadzilo likutaya zomangira dzira kudzera pakamwa.

Chinanso, chida chimenechi chimagwira bwino mpweya ukakhala wouma. Masiku aja a mu Novembala mitambo ikamasonkhana mvula osagwa, thupi lili nyatanyata, chinyezi cha m'kamwa mwa nkhuku sichiuma msanga. Imapuma wefuwefu koma osazizira. Masiku oterewa, makamaka kunyanja ndi kuchigwa, ndi oopsa kuposa tsiku la dzuwa loswa mtengo lokhala ndi kamphepo.

Yambani ndi kusiyanitsa kutentha ndi chitopa

Vuto ndi loti chitopa chimakonda kubuka miyezi yomweyi ya chilimwe, ndipo nacho chimayasamitsa. Koma zizindikiro zake zimasiyana mukadekha.

Nkhuku yotenthedwa imapuma mofulumira komanso mopepuka, popanda phokoso. Maso ake ndi owala, mphuno zouma. Zambiri m'khola zimachita chimodzimodzi nthawi imodzi, masana. Mukaipititsa pamthunzi n'kuipatsa madzi ozizira, pakatha theka la ola kapena ola imatseka kukamwa, ndipo madzulo imatuluka kukadya.

Ya chitopa imapuma movutikira, ikutambasula khosi ngati ikumeza mpweya, nthawi zina ikulira kolokolo pakhosi. Imazyolika, nthenga zili nyankhalala, mapiko atagwa ngati yavala jekete. Zitosi zimakhala zobiriwira. Zina zimapindika khosi, kuyenda mozungulira kapena kupuwala miyendo. Ndipo siichira dzuwa likalowa: m'mawa kuli kozizira mudzaipeza ikadali chimodzimodzi, kapena mudzapeza zingapo zitafa. Ngati ikuyetsemula, maso atupa, mphuno zikutuluka mamina, chimenecho chingakhale chimfine cha nkhuku. Mwanapiye amene akuyasama n'kumapukusa mutu ngakhale kuli kozizira angakhale ndi nyongolotsi za pakhosi.

Choncho muyeso wosavuta ndi uwu: yang'anani nkhuku zanu 6 koloko m'mawa. Yoyasama nthawi imeneyo ikudwala. Ipatuleni, musaigulitse, musaipereke kwa mnansi, ndipo kaonaneni ndi alangizi a ziweto a m'dera lanu. Chitopa chilibe mankhwala ochiza. Chimapewedwa ndi katemera, monga wa I-2 uja wodontheza kadontho kamodzi m'diso, amene amaperekedwa katatu pa chaka kwa nkhuku zimene zili bwino. Katemerayo mupereke m'mamawa, pamthunzi. Kuthamangitsa nkhuku masana a Okutobala kuti muzigwire kungaphe zina musanazitemere n'komwe.

Ndipo chonde, lekani kuswera makapusozi a anthu m'madzi a nkhuku imene yangotenthedwa. Sachotsa kutentha, amawawitsa madzi, nkhuku n'kumamwa pang'ono pa nthawi imene ikufunika kumwa kwambiri.

Madzi: apa ndi pamene nkhuku zambiri zimafera

Thadzi loikira limamwa pafupifupi kotala ya lita pa tsiku nyengo ikakhala yabwino. Kukatentha limatha kumwa theka la lita kapena kupitirira. Ndiye ngati muli ndi nkhuku 10, konzani malita osachepera 5 pa tsiku, ndipo owonjezera akhale pafupi.

Koma kuchuluka kokha sikokwanira, monga ndinaonera ku Liwonde kuja. Nkhuku imakana madzi ofunda. Chigubu chakuda kapena beseni lachitsulo likakhala padzuwa kuyambira m'mawa, pofika 11 koloko madzi ake sathandizanso. Chitani izi. Madzi a nkhuku muzisunga mu mtsuko wadothi pamthunzi, monga timachitira ndi athu akumwa. Mtsuko umatulutsa chinyezi kunja kwake, ndipo chikamauma chimaziziritsa za m'kati. Chomweramo nacho chikhale phale kapena mphika wakale wadothi, ndipo muukwirire pang'ono m'nthaka mpaka m'chiuno kuti usagubuduke komanso dothi liuteteze. Sinthani madzi katatu: m'mamawa, cha m'ma 11 koloko, ndi cha m'ma 2 koloko masana. Otsalawo musataye kutali, thirani pansi pamene zimagona masana. Amene muli ndi filiji, ikani botolo la madzi usiku kuti liundane, m'mawa muligoneke m'chomweramo losatsegula.

Zomweramo zikhale zingapo, m'malo osiyana. Ichi ambiri timachiphonya. Pakati pa nkhuku pali akuluakulu ndi ang'onoang'ono, ndipo tambala kapena thadzi laukali limatha kuima pamadzi n'kumajompha aliyense woyandikira. Misoti ndi zofooka zimangoyang'anira patali. Komanso nkhuku yotenthedwa siyenda mtunda padzuwa kukafuna madzi. Onani pamene zimakonda kubisala masana, kaya ndi pansi pa nkhokwe, kaya pansi pa thandala la mbale, muike madzi pomwepo. Dziwaninso kuti mthunzi umayenda: malo amene ali ndi mthunzi 7 koloko m'mawa mukamapita ku ntchito angakhale padzuwa 1 koloko. Tsiku lina mukakhala pakhomo, tsatirani mthunziwo tsiku lonse kuti mudziwe malo odalirika.

Ngati pali anapiye, ikani timiyala m'chomweramo kuti asamire. Tsukani chomweramo tsiku lililonse, pakuti m'nyengo yotentha ndere ndi fungo zimabwera msanga.

Pa masiku otentha kwambiri, mutha kuthandiza magazi a nkhuku kubwerera m'malo mwake. M'masitolo a mankhwala a ziweto mumapezeka timapaketi ta mavitamini ndi michere tosungunula m'madzi, tsatirani muyezo wolembedwa papaketipo. Mukapanda kupeza, tengani chigubu cha malita 5 chotsuka bwino, muthiremo supuni yaing'ono ya tiyi imodzi ya mchere yosalaza pamwamba, supuni yaing'ono imodzi ya soda wophikira therere wa m'paketi uja, ndi masupuni aakulu awiri a shuga. Osati soda wopangira sopo, ameneyo amawotcha. Osatinso chidulo, chifukwa mphamvu yake simungaiyeze. Mcherewo musapitirize muyezo poganiza kuti mukuchita bwino, mchere wochuluka umapha nkhuku, makamaka anapiye. Madzi amenewa aperekeni masana okha, kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo pambali pakhale madzi wamba kuti zizisankha zokha.

Denga, mthunzi ndi mphepo

Lowani m'khola lanu 1 koloko masana, mugwade pansi kuti mutu wanu ukhale pamene pamakhala nkhuku, mukhale mphindi zisanu. Mukatuluka mudzadziwa chochita osauzidwa.

Makolo athu ankamanga khola la m'mwamba, la nsungwi kapena timitengo, lofolera ndi udzu. Mphepo inkadutsa m'mbali ndi pansi, zitosi zikugwera kunja, ndipo masana nkhuku zinkapeza mthunzi pansi pake. Pa nkhani ya kutentha, khola limenelo limaposa la njerwa ndi malata limene ambiri timalilakalaka. Lata likapsa ndi dzuwa limawotcha zonse zili pansi pake ngati chiwaya, makamaka likakhala lofupika.

Ngati muli nalo kale la malata, simukuyenera kugumula. Yalani udzu wofolera, mapesi, bango kapena masamba a nthochi ouma pamwamba pa malatawo, mochindikala ngati kutalika kwa chikhatho, n'kutsindira ndi mitengo kuti mphepo isatenge. Dzuwa lizipsereza udzuwo, osati chitsulo. Njira ina ndi kupaka laimu pamwamba pa malata kuti ayere, popeza choyera chimabweza dzuwa. Mvula ikadzagwa laimuyo adzachoka, koma adzakhala atagwira ntchito yake.

Kenako tsegulani makoma. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ndiye pafunika mpata pansi pa denga poti utulukire, ndi mipata m'mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko. Zenera limodzi silokwanira. Chotsani njerwa zingapo, muikepo waya wa nkhuku kapena nsungwi zolukana. Ndikudziwa chimene chimatichititsa kutseka paliponse: akuba, vumbwe, likongwe, njoka. Nkhawa imeneyo ndi yoona, n'chifukwa chake ndikuti waya kapena nsungwi zolimba, osati kusiya pululu. Mapepala apulasitiki ndi masaka amene munatchinga nawo mu Juni chifukwa cha chisanu, achotseni pofika Seputembala. Waya nayenso amatsekeka ndi fumbi ndi nthenga, musesereni.

Amene mukumanga latsopano, mulitali mwake muloze kum'mawa ndi kumadzulo, kuti makoma aafupi ndiwo aziyang'ana dzuwa potuluka ndi polowa, ndipo mbali zazitali zotsegukazo zisalowe dzuwa. Denga likhale lalitali ndipo lituluke kunja kwa khoma mokwanira kupereka mthunzi.

Kunja kwa khola, mtengo umaposa china chilichonse. Mango, nimu, chammwamba ndi nthochi zimachita bwino. Podikira kuti mtengo ukule, mangani chisakasa cha udzu, kapena yanzikani magalagadeya kapena shushu pampanda wa kumadzulo. Chisakasacho chimabisanso anapiye kwa kabawi ndi mphamba. Pansi pake thirani ndowa ya madzi m'mawa kuti dothi lizizire, zidzafukula n'kugonapo. Pambali siyani malo ouma a fumbi losakaniza ndi phulusa poti zizisamba, chifukwa utitiri ndi nsabwe zimachuluka nyengo yomweyi ndipo nkhuku yoyamwidwa magazi imafooka msanga ndi dzuwa.

Chiguduli chonyowa chopachikidwa mbali imene kukuchokera mphepo chimaziziritsa mpweya wolowa. Chimathandiza pa tsiku louma. Pa tsiku la chinyezi lija musachite, mungowonjezera vuto, ndipo musatchinge nacho mpata wonse. Utuchi kapena mankhusu a mpunga a pansi m'khola musawanyowetse. Akanyowa n'kusakanikirana ndi zitosi amatentha okha ndipo amatulutsa fungo loboola m'maso limene limawononga mapapo, pomwe nkhuku ikudalira mapapo omwewo kuti izizire. M'chilimwe utuchi ukhale wochepa, wouma.

Za usiku tisaiwale. Nkhuku imataya kutentha kwa tsiku lonse usiku. Mabanja ambiri timazigoneka m'khitchini poopa akuba, chitseko chotseka, mafuwa akadali otentha ndi moto wa nsima ya madzulo. Nkhuku yogona motero imadzuka ili yotentha kale, ndipo tsiku lotsatira siilimba. Ngati palibe kwina, zimitsani moto msanga, tulutsani makala, ndipo pakhale kampata ka mphepo. Musanagone kaunikeni ndi tochi: zikakhala zikuyasamabe 9 koloko usiku, malowo sali bwino.

Sinthani nthawi yodyetsa

Chakudya chikamagayika m'thupi chimatulutsa kutentha, ndipo kutenthako kumafika pachimake patapita maola angapo chidyereni. Mukathira madeya odzaza 10 koloko m'mawa, moto wa m'mimba udzakumana ndi moto wa dzuwa cha m'ma 1 kapena 2 koloko. Dyetsani kukangocha, gawo lochepa, kenako gawo lalikulu cha m'ma 4 kapena 5 koloko madzulo. Masana zisiyireni madzi ndi zinthu zamadzi zopepuka: makoko a mavwende, nkhaka, masamba a chisoso, bonongwe, mpiru kapena chammwamba, zomangirira pachingwe pamthunzi.

Poti zikudya pang'ono, chimene zikudyacho chikhale chopatsa thanzi. Madeya okha sakwanira. Sakanizaniko soya wokazinga wogaya kapena fumbi la usipa, ndi chiswe kwa amene mungachipeze. Kunyowetsa chakudya pang'ono ndi madzi ozizira kumazikopa kudya, koma ikani chokwanira kutha mu theka la ola. Chotsala chimasasa ndi kuchita chuku msanga.

Kwa mathadzi oikira, chigoba cha dzira chimapangidwa makamaka usiku, ndipo chimatenga pafupifupi maola 20. Ndiye kashiamu aperekedwe madzulo. Zigoba za mazira zowamba pamoto n'kusinja, zigoba za nkhono zosinja, kapena laimu wa ziweto wogula, ikani m'kambale kapadera kuti lofuna lizitola lokha. Zigoba za mazira muzisinje ndithu kuti zisaoneke ngati dzira, mungaziphunzitse kudya mazira awo.

Zina zimafa msanga kuposa zinzake

Nkhuku zachikuda zimapirira, ndipo pakati pa izo kameta, wopanda nthenga m'khosi uja, amaposa zonse. Ana amamuseka maonekedwe, koma khosi la pamtundalo ndi zenera lotulutsira kutentha. Kansilanga wa nthenga zopotanapotana nayenso mphepo imamufika pakhungu mosavuta. Amene mumakhala kuchigwa ndi kunyanja, tambala wa kameta musamathamangire kumuzinga alendo akabwera, musiyeni abereke. Mikolongwe, imene dzina lake lenileni ndi Black Australorp ndipo inatchuka ndi dzina la malo a boma oweterako ziweto ku Chiradzulu, ndi yaikulu thupi komanso yakuda bii, ndiye padzuwa imavutika kuposa yachikuda. Mthunzi kwa iyo si wongofuna.

Mabroila ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu. Nkhuku yofika makilogalamu awiri pa masabata asanu ndi limodzi imakhala ndi thupi lolemera kuposa mphamvu ya mtima ndi mapapo ake. Kuyambira sabata yachinayi, tsiku limodzi lotentha litha kukugwetserani zonenepa zenizeni, zija mumawerengera kale ndalama zake, ndipo kawirikawiri zimafa chakumadzulo kutentha kutaunjikana m'thupi. Musazithinitse: m'chilimwe zisapitirire 8 pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi zikakula. Masiku oopsa, kwezani zodyeramo kuyambira cha m'ma 9 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, madzi okha atsale. Yendani pakati pawo pang'onopang'ono kangapo masana kuti zidzuke, kutentha kwa pansi pa chidale kuchoke, zipite kukamwa. Amene mumadalira fani, khola likhale loti mphepo izidutsa yokha magetsi akathima. Ndipo poitanitsa anapiye werengani masabata: olowa pakati pa Seputembala adzalemera mu Okutobala mwenimweni. Mukatero, chepetsani chiwerengero.

Thadzi lofungatira ndi limene ndimalidera nkhawa kwambiri, mwina chifukwa cha lija ndinataya. Limakhala pamazira masiku 21, ndipo limangotsika kanthawi kochepa n'kubwererapo ngakhale dzuwa likuliwotcha. Onani pamene laika chisa. Ngati ndi pansi pa lata, m'galimoto yakufa kapena pakhoma la kumadzulo, tchingirani mthunzi pomwepo, kapena lisamutseni usiku pamodzi ndi mazira kupita malo ozizira. Madzi akhale pafupi poti lingafike litangotsika pachisa. Mazira odya kapena osunga kuti mudzagonekere muzitola kawiri pa tsiku, asakhale pamalo otentha.

Anapiye a sabata yoyamba amafunadi kutentha, pakati pa madigiri 32 ndi 35, koma masana a Okutobala kunja kumafika pamenepo kale. Mbaula yoyaka masana ingawaphike. Aloleni akuuzeni okha: akaunjikana pafupi ndi moto akumva kuzizira, akamwazikana bwino akudya ali bwino, akathawira m'makona atayasama timapiko tili pansi, chotsani moto ndipo tsegulani.

Mukaipeza itagwa kale

Zizindikiro zoti yafika pangozi ndi izi: ikudzandira kapena yagona chammbali, maso yatsinzina, lipombo latuwa kapena lada, miyendo ikutentha mukaigwira, siikuthawa mukaiyandikira. Apa mphindi iliyonse ndi yofunika.

Inyamuleni modekha, osaigwira miyendo mutu uli pansi, mupite nayo pamthunzi podutsa mphepo. Thirani madzi a mu mtsuko m'beseni, ozizira bwino koma osati oundana, chifukwa kuzizira kwadzidzidzi kungaimalize. Imikeni m'madzimo kuti miyendo ndi chidale zinyowe, mutu muugwirire m'mwamba. Ndi dzanja linalo thirani madzi m'khwapa ndi pansi pa mimba mpaka afike pakhungu, pakuti kunyowetsa nthenga za pamsana pokha sikuthandiza. Pukutani lipombo ndi kansalu konyowa. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu itulutseni, muigoneke pa chiguduli chonyowa, muziikupiza ndi lichero. Ikapitiriza kupuma mothamanga, bwerezani.

Musaitsanulire madzi kukhosi. Khomo la njira ya mpweya lili kumbuyo kwa lilime, ndipo nkhuku ikamapuma wefuwefu limakhala lotseguka. Madzi othiridwa mokakamiza amapita m'mapapo. M'malo mwake viikani nsonga ya mlomo wake m'madzi a shuga ndi mchere aja, kapena donthezani kadontho m'mbali mwa mlomo, muone ngati ikumeza yokha. Ikayamba kudzutsa mutu, isiyeni payokha pamalo ozizira mpaka mawa, zinzake zingaijompe. Thadzi lotere litha kukhala masiku angapo osaikira. Ndipo imodzi ikagwa, dziwani kuti zinzake zili pafupi kugwa, pitani mukaone madzi ndi khola nthawi yomweyo. Imene mwaipeza itafa osadziwa chaipha, musadye, ikwirireni mozama pamene agalu sangafukule.

Paulendo wa kumsika

Nkhuku zambiri zimafera panjira. Timaziona zitamangidwa miyendo, zikulendewera pa handulo ya njinga mitu ili pansi, kapena zitapanikizana m'chiteletele pamwamba pa katundu, kapena zitakankhiridwa pansi pa mpando wa minibasi pafupi ndi injini. Nkhuku yolendewera chadodolido imapuma movutika, ndiye chida chake chomaliza chija mwachilanda. Ngati mukupita nazo kumsika kapena mukukapereka kwa apongozi, zimwetseni madzi musananyamuke ndipo nyamukani kusanache. M'chiteletele ikani zochepa moti iliyonse ithe kugona ndi kutukula mapiko, pamwamba muphimbe ndi masamba a nthochi kapena nthambi zaziwisi, osati pulasitiki. Panjira mukaima, imikani njinga pamthunzi. Mukafika, musaziyale pa dothi lopsa ndi dzuwa zitamangidwa, pezani tsinde la mtengo, muike kambale ka madzi poti milomo yawo ifike. Zotsala osagulidwa muzidikire mpaka cha m'ma 4 koloko dzuwa litapendeka, ndipo mukafika nazo pakhomo zikhale pazokha masabata awiri zisanasakanikirane ndi za m'khola, pakuti kumsika ndi kumene chitopa chimakwerera njinga.